Pamtima pakuwawa, mpweya sukukwana: chochita usiku womwewo, kukacha, ndiponso akakuuzani kuti sanapeze kanthu

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi ya kuno ku Salima. Zimene anandilembera ndi sikelo ya ana, katemera ndi kuyendera zitsime, koma akuluakulu amandiimitsa panjira ndi nkhani ina. Amayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenako mawu amatsika, dzanja lili pachifuwa: "Alangizi, mtimawu sukundipatsa mtendere." Wina akuti pakubaya, wina pakutentha, wina akuti mpweya ukuthera panjira osafika pansi. Pafupifupi onse amakhala atadzigamula kale kuti ndi matenda a mtima, ndipo madandaulo otere amachuluka pamudzi pakangochitika maliro a munthu amene anangogwa ali bwinobwino.

Ine sindine dokotala, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mtima wanu uli bwino asanakuyezeni. Chimene ndingathe ndi kukuthandizani kusiyanitsa zothamangira kuchipatala ola lomwelo ndi zimene zingadikire kuche, kukonza zokanena kwa adokotala, komanso kudziwa chochita akayeza zonse n'kunena kuti sanapeze kanthu. Chomalizachi ndi chimene anthu amasiyidwa nacho okha, ndipo nanenso chinandigwirapo.

Zimene sizidikira kuche

Mtsempha wodyetsa mnofu wa mtima ukatsekeka, ululu wake kawirikawiri sukhala wa kamalo koti n'kuloza ndi chala. Munthu amaika chikhatho chonse kapena chibakera pakati pa chifuwa n'kumati pakulemera, pakufinya, ngati amusanjika thumba la chimanga. Ululuwo umatha kuyenda kupita kumkono wamanzere, nthawi zina mikono yonse, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana. Thukuta lozizira limatuluka ngakhale kunja kukuwomba mwera, nseru imabwera, ndipo kukhala pansi sikuthandiza. Zikafika mphindi 15 osasiya, musayambe mwawiritsa mandimu kapena kudikira abambo abwere kunyanja. Nyamukani. Okalamba, odwala shuga ndi amayi ena samva n'komwe ululu waukulu: amangofooka mwadzidzidzi, kubanika, kutuluka thukuta, kapena kumva ngati chakudya chawakhala pamtima.

Nyamukaninso ola lomwelo ngati munthu akubanika ali chikhalire moti sakutha kumaliza mawu, ngati wakomoka, milomo yada, akutsokomola kapena kusanza magazi, kapena chimbudzi chake chada bii. Chimodzimodzi mwendo umodzi wokha ukatupa ndi kuwawa kenako mpweya n'kuvuta mwadzidzidzi, makamaka kwa mayi wongobereka kumene kapena munthu wogona nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni, chifukwa magazi oundana amatha kuchoka m'mwendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Mayi woyembekezera amene akubanika, mutu ukumuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope yatupa, ameneyo ndi wakumateniti usiku womwewo.

Panjira wodwala akhale tsonga motsamira, asagone chagada. Kuno chopezeka pakati pa usiku ndi kabaza wa njinga yamoto, ndiye wodwalayo akhale pakati, wina kumbuyo womugwirizira. Asadzitchovere yekha njinga. Ngati zizindikiro ndi za kufinya kwa pachifuwa zija, munthuyo alibe zilonda za m'mimba zotuluka magazi ndipo asipirini samuwenga, atafune asipirini wa 300 mg. Amathandiza kuti magazi asapitirire kuundana. Koma pakamwa pakapotoka kapena mbali imodzi ikafooka musam'patse. Imeneyo ingakhale sitiroko, ndipo sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika m'mutu.

Zokonzeratu lero kuli kowala n'zochepa: nambala za akabaza awiri m'foni, ndalama ya mafuta pa Mpamba kapena Airtel Money imene simuikhudza ngakhale ndiwo zitasowa, ndi buku la kuchipatala pamalo odziwika kwa aliyense m'nyumba. Inu okhala kutali ndi msewu wa M5, kumene nthawi ya mvula njira imaduka, izi zikukhudzani koposa. Nambala ya 929 ya Chipatala cha pa Foni ndi yaulere. Imbani mukumanga ulendo, osati m'malo mwa ulendowo.

Pali zina zosathamangitsa usiku koma zosayenera kutha nazo sabata. Ululu wobwera mukamakwera mtunda, mukamatchova njinga yolemedwa kapena kusenza ndowa, n'kutha mukapuma mphindi zochepa, mawa n'kubweranso pantchito yomweyo, umenewo umaloza kumtima. Kubanika mukagona chagada mpaka kumagona motsamira khoma, kudzuka pakati pa usiku kukafuna mpweya pakhomo, mapazi onse awiri kutupa moti mukadina ndi chala pamatsala dzenje, mtima wofooka umachita choncho. Timaziona mwa anthu a BP ya zaka zambiri yosamwera mankhwala, mwa amayi ena m'miyezi yoyamba atabereka, ndiponso mwa achinyamata amene ali ana ankadwala zilonda zapakhosi zosachiritsidwa bwino, matendawo n'kukawononga tizitseko totsegula ndi kutseka njira ya magazi mu mtima. Oterewa amabayidwa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi kuti mtima usapitirire kuwonongeka. Ndiye mawu oti "ndiwe mwana iwe, mtima ungaudwale bwanji" musamawadalire.

Zimene zimanamizira mtima

M'chifuwa simukhala mtima wokha. Muli mapapo, njira ya chakudya, nthiti ndi minofu yake, ndipo m'mimba ndi pafupi pomwepo. Mwa anthu amene ndawatumiza kuchipatala, ambiri anabwerako ndi yankho lochokera m'zimenezi.

Woyamba kumuganizira ndi chilungulira. Asidi wa m'mimba akakwera amatentha kuseri kwa fupa la pachifuwa. Chimabwera mukadya n'kugona, mukawerama popalira kapena potsuka mbale, ndipo mumageya timadzi towawasa. Taonani madyedwe athu: tsiku lonse kunyanja kapena pamsika ndi tiyi yekha, madzulo nsima mitanda inayi, usipa wokazinga m'mafuta ambiri, kambuzi pamwamba, kenako pamphasa. M'mwezi wa Ramadani dandaulo lomweli ndimalimva kwa abale athu achisilamu amene amamasula kusala ndi chakudya chochuluka nthawi imodzi. Yesani kwa milungu iwiri kudya maola awiri kapena atatu musanagone, kuchepetsa mitanda yamadzulo n'kuibweza masana, ndi kugonera kumanzere. Kwezani kumutu kwa bedi ndi njerwa. Ngati ndi pamphasa, pindani bulangete pansi pake kuti chifuwa chonse chikwere, osati mutu wokha. Mowa ndi fodya zimakolezera. Zimakolezeranso Brufen, diclofenac ndi Indocid, amene ambiri amagula pagolosale chifukwa cha msana n'kumamwa m'mimba mulibe kanthu. Kuchipatala amapereka magnesium trisilicate wotafuna kapena omeprazole.

Chenjezo limodzi apa ndi lalikulu. Nsima ikayamba kukakamira panjira pomeza, kenako phala nalo n'kumavuta, thupi likutsika, musazitche chilungulira. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo anthu amafika kuchipatala mochedwa chifukwa ankangomwa magnesium.

Za nthiti ndi minofu sizivuta kuzindikira. Msodzi wapalasa bwato kapena kukoka chilimira usiku wonse, mlimi wagalauza nthaka youma ya mu Okutobala, mayi wasinja. Ululu wake mumauloza ndi chala chimodzi, mukadinapo umayankha, mukatembenuka, kutsokomola kapena kukweza mkono umakula. Panado, nsalu yoviika m'madzi ofunda, ndi kupumitsa ntchitoyo masiku angapo. Ululu wotentha wa mbali imodzi wotsata nthiti nthawi zina ndi mashingozi amene matuza ake sanatuluke. Yang'anani khungu tsiku ndi tsiku, akangotuluka pitani msanga.

Kuchepa kwa magazi ndiko kumaiwalika kwambiri, pamene kunyanja kuno zokuyambitsa zili ponseponse: malungo obwerezabwereza, likodzo, njoka za m'mimba, msambo wochuluka, kubereka pafupipafupi. Magazi akachepa mtima umathamanga kuti ukwanitse ntchito, ndiye munthu amachita befu pamtunda waung'ono, amamva mtima ukugunda m'makutu, akadzuka chizungulire. Tsitsani chikope cha m'munsi pagalasi, yang'ananinso zikhatho: zikayera mbuu, kayezetseni. Kuyeza kwake amati Hb, ndipo kumangofuna kadontho ka pachala. Ikatsika pansi pa 12 kwa mayi, 13 kwa bambo, kapena 11 kwa woyembekezera, magazi ndi ochepa. Musalekere pa mapiritsi a ayironi okha, funsani chimene chikuwadya. Ngati mkodzo umatsirizira ndi magazi nenani, mankhwala a likodzo alipo, dzina lake praziquantel. Zakumwa zofiira za m'botolo siziwonjezera magazi, ngakhale agogo atalimbikira bwanji. Chothandiza ndi usipa, nyemba, bonongwe, chisoso, chiwindi chikapezeka, ndi kusiya kutsirira chakudyacho ndi tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi.

Mapapo nawo ali ndi zawo. Chibayo chimabwera ndi kutentha thupi, chifuwa, ndi kubaya popuma. Kutsokomola kopitirira milungu iwiri, thukuta la usiku ndi kuonda ndi nkhani yokapereka makhololo. Kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere, ndipo amamwa miyezi 6. Amene muli pa ma ARV musadikire milungu iwiriyo. Mphumu imalira m'chifuwa, imakonda usiku, fumbi ndi nyengo ya mwera. Ndipo utsi: mayi amene waphika m'kakhitchini kopanda zenera kwa zaka 30, kapena wowamba nsomba tsiku ndi tsiku, mapapo ake amatopa ngakhale sanagwirepo ndudu. Amene mumapopera mankhwala a mphumu a salbutamol dziwani kuti amagunditsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja kwa kanthawi. Ndi khalidwe la mankhwalawo.

Kukonza zokanena kwa adokotala

Mzere ndi wautali, ndipo adokotala ali ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense. Mukangoti "mtima ukundipweteka" n'kukhala chete, mwawapatsa zochepa zogwirira ntchito. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: inu ndi amene mukudziwa kumene ululuwo umayambira, ndiye fikani nazo zokonzakonza. Ngati si zadzidzidzi zija, tengani kope la mwana lotsala masamba, muzilemba nthawi iliyonse zikachitika: nthawi yanji, mumatani, pati penipeni, kwatenga mphindi zingati, chathetsa n'chiyani. Osatha kulemba auze mdzukulu. Mukalowa m'chipinda muzikanena motere:

"Adokotala, papita milungu itatu. Pakutentha apa pakati, kumayamba ndikagona nditangodya, kumatha ngati theka la ola, ndikakhala tsonga kumachepa. Kumunda ndikulima osavutika. Ndimamwa Brufen wa msana. Bambo anga anali a BP."

Mawu ochepawo asonyeza kale njira. Tengani mankhwala onse amene mukumwa m'mapaketi mwake, ma ARV, olera, ngakhale azitsamba. Musachite nawo manyazi. Nenani za mowa ndi fodya mmene zilili, wosuta ndi wa pamphuno yemwe. Pemphani mwaulemu kuti akuyezeni BP, kugunda kwa mtima, Hb ndi shuga, komanso malungo ngati thupi likutentha, ndipo manambala ake alembedwe m'buku. "Zili bwino" wapakamwa sathandiza dokotala amene adzakuoneni mwezi wa mawa.

BP imafuna kuyezedwa bwino. Khalani pansi mphindi 5 kaye, musakhale mutangotsika panjinga kapena kumwa tiyi, mkono utsamire patebulo, osayankhula. Kuyambira 140/90 kupita m'mwamba ndi yokwera, koma amatsimikiza ikapezeka choncho pa masiku osiyana, chifukwa mantha okha amaikweza. Ikafika 180/120 pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kusaona bwino, musachoke pachipatalapo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Chodabwitsa n'chakuti amene amabwera kwa ine akunjenjemera ndi mtima nthawi zambiri BP yawo imapezeka yabwino, pamene amene akuyenda nayo yokwera samva kalikonse, ali pabawo. BP yokwera ikapezeka, mankhwala ofala ndi HCT (hydrochlorothiazide), amlodipine ndi enalapril, ndipo zipatala za pa boma zimakhala ndi kiliniki ya matenda osapatsirana (NCD) yoona a BP, shuga ndi mphumu. Enalapril amatsokomoletsa ena chifuwa chouma ndipo sayenera woyembekezera. Zikatero kaneneni akusinthireni, osangosiya. Musabwereke mapiritsi a aneba, musaleke chifukwa mwapeza bwino. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu nsomba zouma, soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo.

Akaona kuti mtima ukufunika kuunikidwa mozama, a chipatala chaching'ono amakutumizani ku chipatala cha pa boma, ndipo kumeneko akafuna amalemba kalata ya ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Kumeneko amaunika mtima ndi makina a ECG ndi echo: ECG imajambula kayendedwe ka magetsi a mtima pa nthawi imene mwagona pabedipo. Echo imaonetsa mnofu ndi tizitseko tija zikugwira ntchito. ECG yabwino ndi nkhani yabwino, koma siiona zonse, n'chifukwa chake mbiri ya m'kope ija imalemera mofanana ndi pepala la makina. Musadumphe n'kukafika ku Lilongwe opanda kalata.

Za makina a anthu oyendayenda m'misika, oti mukagwira kachitsulo kompyuta n'kutchula matenda khumi, pomwepo n'kukugulitsani mabotolo otsuka magazi, ine ndilibe nazo mawu okoma. Sindinaonepo munthu amene makina amenewo anamupeza wopanda matenda. Ndalamayo isungireni kabaza.

Akakuuzani kuti sanapeze kanthu

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. BP yayezedwa, magazi ayezedwa, mwina ECG, kenako adokotala n'kuti, "Zonse zili bwino amayi, musamaganize kwambiri." Munthu amatuluka akumva ngati amunena bodza, chonsecho ululuwo amaumvadi, mpweya umamuperewera ndithu.

Ine zinandipeza chilimwe china achimwene anga aakulu atatisiya mwadzidzidzi. Ndinkadzidzimuka pakati pa usiku mtima uli di di di, zala zachita dzanzi, mpweya ukukana kutsika. Koma masana ndinkatchova njinga mumchenga kupita kusikelo, dzuwa lili paliwombo, bokosi la katemera kumbuyo, osamva kanthu. Kiliniko ofesala amene anandiyeza anagwira mfundo imeneyi. Anandifotokozera kuti mtima wodwala sungapirire ntchito yotere masana n'kumadandaula usiku wokha, ndipo anandilongosolera chimene chinkachitika m'thupi. Kulongosolako kunandithandiza kuposa mawu oti ndisamaganize.

Zimayenda chonchi. Thupi likaona ngozi, kaya ndi ng'ona pamadzi kaya ndi ganizo chabe, limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, tolikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana. Mtima umathamanga, minofu ya pachifuwa imakungika mpaka kuwawa, kupuma kumafulumira. Kupuma kofulumirako kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka m'magazi, ndipo kumeneko n'kumene kumabweretsa dzanzi m'zala ndi kuzungulira pakamwa, chizungulire, ndi kumva ngati mpweya sukukwana pamene okosijeni ali wokwanira bwino. Munthu akamva zimenezi amati basi ndikufa, mantha n'kukula, thupi n'kuonjezera moto. Kawirikawiri zimafika pachimake m'mphindi 10, n'kumatsika zokha pasanathe theka la ola. Kubanika kwa mantha kumakonda munthu ali phee, amangofuna kukoka mpweya umodzi waukulu wokhutiritsa, amausa moyo pafupipafupi, ndipo akatanganidwa amaiwala. Kwa mtima ndi mapapo kumakula ndi ntchito.

Zotsatirazi ndi za munthu amene wayezedwa kale, ndipo chimene chamugwira ndi chomwe chija amachidziwa. Zikakugwirani koyamba, kapena zabwera mwa mtundu wina, bwererani ku zimene ndanena poyamba.

Zikayamba, khalani pansi, mapazi onse akhudze pansi, yang'anani nthawi pafoni n'kuiika pambali. Dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Musalimbane ndi kukoka mpweya waukulu, chifukwa ndi umene ukuchulutsa vuto. Ntchito ili potulutsa. Kokani ndi mphuno pang'ono powerenga mpaka 4, dzanja la pamimba likwere, la pachifuwa likhale chete. Tulutsani ndi pakamwa milomo mutaisonkhanitsa, powerenga mpaka 6. Pitirizani mphindi 5. Poyamba thupi limakana, mumamva ngati mukudzimana mpweya, musasiye. Musapumire m'jumbo kapena m'pepala, zimenezo n'zoopsa ngati vuto ndi mphumu kapena mtima. Zikatha yang'ananinso nthawi, mulembe m'kope. Pakatha mwezi mudzakhala ndi umboni wolemba nokha woti zinabwera kangapo, zinatenga mphindi zakutizakuti, ndipo nthawi zonse zinatha. Kapumidwe kameneka muzikayeserera m'mawa ndi madzulo muli bwino. Kukaphunzira zitavuta kale sikutheka.

Inu a pabanja, musamuunjirire, musalire, musamuthire madzi, musaitane mudzi wonse. Mmodzi akhale naye pafupi, azipuma naye limodzi, aziyankhula motsitsa: "Ndili pompano amayi, tulutsani pang'onopang'ono." Mawu oti "n'zamaganizo chabe izi" kapena "mukudzichititsa" amangowonjezera manyazi pa mantha.

Chovuta kwambiri kusiya ndi kudziyeza. Munthu amangokhalira kugwira mtsempha wa padzanja, kudina pachifuwa kuona ngati pakuwawabe mpaka pamalopo n'kuwawadi chifukwa chodinidwa. Wina wagula makina a BP, akuyeza kasanu patsiku, ndipo akaona nambala yakwera pang'ono amayezanso ali ndi mantha, n'kukweradi. Wina ali pa Facebook pakati pa usiku kuwerenga za anthu amene anagwa. Kuyeza kulikonse kumatonthoza mphindi zochepa, kenako kumafuna kwina. Mtima wa munthu wamkulu ali chikhalire umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo kudumpha kamodzikamodzi kumachitikira anthu ambiri abwinobwino. Gwirizanani ndi adokotala tsiku lodzayezanso, mulembe m'buku, pakati pakepo dzanja lichoke pamtsempha. Foni igone kutali ndi mphasa.

Chachiwiri, bwererani kuntchito. Ndaona abambo amphamvu atasiya kulima, kusiya njinga, ngakhale kupewa akazi awo, poopa kudzutsa mtima. Thupi losagwira ntchito limafooka, ndiye kamtunda kakang'ono kamabweretsa befu weniweni, munthu n'kuti mwaona, ndimanena ine. Ngati adokotala anakulolani, yambani ndi kuyenda mphindi 10 m'mawa kusanatenthe, muziwonjezera mpaka mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Mtima ukagunda mwamphamvu poyenda musaime ndi mantha, ndiyo ntchito yake. Cholinga n'chakuti thupi lizolowerenso kumva mtima ukuthamanga popanda choipa chotsatira. Choimitsa ndi kufinya kwa pachifuwa kuja, chizungulire chofuna kugwetsa, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu.

Onaninso zolowa m'kamwa. Tiyi wa masamba ambiri makapu anayi, khofi, zakumwa za enaje zimene anyamata a kabaza ndi asodzi amamwa kuti asagone, fodya ndi chamba, zonsezi zimathamangitsa mtima. Mowa umanyenga: umagonetsa madzulo, m'bandakucha n'kukudzutsani mtima ukugunda. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, munthu osamwa madzi komanso osadya kuyambira m'mawa, nakonso kumachita zomwezo.

Ndiye pali gwero lenilenilo, limene anthu amalitchula pomaliza, titatsala pang'ono kutsanzikana. Ngongole ya banki m'khonde yafika tsiku. Katapila. Fizi. Nsomba sizikugwidwa. Abambo ali ku Johannesburg, foni anasiya kuimba. Maliro amene munthu sanalire chifukwa ndiye ankayendetsa zonse. Ndikafunsa kuti zinayamba liti, kenako n'kufunsa chinachitika n'chiyani mwezi umenewo, nthawi zambiri mayankho awiriwo amakumana. Pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya mlongo wanu, ankhoswe, abusa kapena ashehe, mumuuze nkhani yonse, osati ya pachifuwa yokha. Ngati ndi ngongole, pitani kugulu mukapemphe kubweza pang'onopang'ono tsiku lisanakwane, musabisale. Pempherani ndithu, koma mankhwala a BP asatayidwe chifukwa cha pemphero. Za kutema mphini pachifuwa, zimangowonjezera bala pamalo owawa kale, ndipo lezala logwiritsa anthu angapo limafalitsa matenda.

Zikakana kutha, mwezi wathunthu mukulephera kugona, kugwira ntchito kapena kutuluka panyumba, bwererani kuchipatala mukanene mosabisa kuti, "Adokotala, mantha akundilepheretsa kukhala." Pemphani kuonana ndi anamwino oona za matenda a maganizo pa chipatala cha pa boma. Anthu amaopa khomo limenelo poganiza kuti ndi la amisala okha, chonsecho nkhawa ndi kukhumudwa ndi zimene amathandiza tsiku ndi tsiku, mwa kukambirana komanso mankhwala. Mankhwala ake amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira, ndiye musawaweruze pa masiku atatu. Diazepam, uja wogonetsa, wogula mwamseri musamuyambe. Amatonthoza lero, koma thupi limamuzolowera msanga ndipo kumusiya kumavuta. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite naye kuchipatala.

Kuyezedwa kamodzi sikutseka khomo la chipatala. Bwererani ululu ukasintha khalidwe: unali wa usiku tsopano ukubwera pamtunda, unali wa kamalo kamodzi tsopano ukufinya chifuwa chonse, kapena pabwera chatsopano monga kutupa mapazi, kuonda, kutsokomola, kutentha thupi kapena kukomoka. Ngati muli ndi zaka zopitirira 40, mumasuta, muli ndi shuga, kapena kwanu alipo anadwala mtima kapena sitiroko akadali achichepere, kayezetseni BP ndi shuga kamodzi pachaka ngakhale pachifuwa patakhala bata, ndipo popita tengani buku lakale lomwe lija, osati latsopano.